Tebulo la Pawindo

Bulenda ya amayi inali ya m'manja, yoyera koma yoyamba kuchita chikasu pogwirira, ndipo chingwe chake anachikulunga ndi tepi yakuda pafupi ndi pulagi. Ikalira, masupuni ankanjenjemera m'dirowa. Chaka chimene ndinali ndi zaka khumi inkalira katatu patsiku m'fulati yathu ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow: m'mawa pogaya phala, masana pogaya nkhuku ndi mbatatesi, madzulo pogaya chilichonse chimene enafe tadya. Zonse zinkatuluka zofanana, zotuwa ngati matope. Chimenecho chinali chakudya cha bambo.

Bambo anali dalaivala wa basi. Sitiroko inawagwira m'nyengo yachisanu, akumanga nsapato kuti azipita kuntchito. Atabwera kuchokera kuchipatala, dzanja lamanja linali lofooka, pakamwa panali patakhota, mawu ankatuluka amodziamodzi, ndipo kumeza kunali nkhondo. Ngakhale madzi ankawatsamwa. Amayi ankathiramo ufa wina wa m'chitini kuti alimbe ngati phala lamadzimadzi. Zimenezi sizinali zachilendo kwa iwo, chifukwa ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo anali atadyetsa makolo a anthu ena kwa zaka zambiri.

Kale bambo ankadya mwaphokoso. Ankaswa mafupa a nkhuku ndi mano, ankaitana anthu a kutchalitchi osawauza amayi, ndipo sankamaliza mbale asananene kuti chakutichakuti chachepa. Atadwala, anayamba kudyera kuchipinda, chitseko chotseka. Ine ndi mng'ono wanga, amene anali ndi zaka zisanu, tinkangomva kutsokomola, kenako zii, kenako kulira kwa supuni pambale. Thireyi inkatuluka ndi chakudya chambiri ndithu.

Asanadwale, bambo anatilonjeza kuti patchuthi chachikulu tidzapita ku paki ya zosangalatsa ku England, ija yokhala ndi sitima zothamanga m'mwamba ndi maboti ogwera m'madzi. Malo ogona anali atabukitsa kale. Kabuku ka zithunzi za pakiyo ndinkakasunga kunsi kwa pilo, koma nkhaniyo palibe ankaitchulanso. Ndinkadziwa kuti yafa.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza pepala lalikulu litamatidwa pafiriji. Amayi anali atalijambula mizere ndi lula: masiku atatu m'litali, chakudya cha m'mawa, cha masana ndi cha madzulo m'lifupi. Mabokosi onse asanu ndi anayi anali opanda kanthu.

"Tikupita," anatero, osatembenuka pasinki.

Ndinafunsa m'Chingerezi ngati adadi akupita nawo. Amayi anayankha m'Chichewa, monga ankachitira nthawi zonse ine ndikayankhula Chingerezi changa cha ku Glasgow.

"Ukufuna tiwasiyire ndani?"

Woyamba kukayikira anali aphunzitsi anga. Teremu ikutha anatiuza kuti tilembe zimene tikachite patchuthi, ndipo ine ndinalemba tsamba lathunthu, mpaka dzina la sitima yaikulu imene ndikakwere. Iwo ankadziwa za bambo. Anagwada pambali pa desiki langa, fungo la khofi likutuluka m'kamwa mwawo, nandiuza motsitsa mawu kuti nthawi zina mabanja amasintha mapulani, ndipo chaka chamawa chiliponso. Anali munthu wabwino, ndipo lero ndikudziwa kuti ankafuna kunditeteza. Koma tsiku limenelo ndinadula mzere kunsi kwa mawu akuti tonse, ndikusindikiza cholembera mpaka pepala linabooka.

Kenako anabwera amalume, mchimwene wawo wa amayi, amene ankakhala ku Shawlands ndipo anali yekhayo pabanja pathu wokhala ndi galimoto. Anaima kutsogolo kwa firiji, manja m'thumba, nayang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Achemwali, munthu wodwala satengera ku makatungwe. Akakatsamwa kumeneko, abale awo ku Ntcheu mudzawauza chiyani?"

"Akatsamwa kuchipinda uku, chitseko chotseka, ndidzawauza chiyani?"

Azimayi a kutchalitchi nawo anabwera Loweruka ndi mandasi ndi nyimbo. Anapemphera mokweza, kenako m'modzi anati ndi bwino kudikira kaye bambo achire. Amayi anawathokoza, anawathirira tiyi wina, ndipo atawaperekeza pamasitepe anabwerera n'kulemba m'bokosi loyamba: phala, m'chipinda cha kuhotela, hafu seveni.

Mabokosi a m'mawa ndi madzulo sanavute. Kuhotela kunali soketi, ndipo bulenda inkakwana m'chikwama. Vuto linali masana, m'kati mwa paki. Amayi akanatha kungonyamula fulasiki masiku onse atatu, n'kumawadyetsera bambo pabenchi ina kuseri kwa mitengo. Anakana. Anati fulasiki ndi ya tsiku loyamba ndi lomaliza, koma tsiku lapakati tikadya mu lesitilanti, patebulo, tonse asanu, ngati anthu ena onse. Wachisanuyo anali amalume, amene anali asanavomere n'komwe kutiyendetsa.

Kuimba mafoni kunali Lachitatu, tsiku limene amayi sankapita kuntchito. Ine ndinkayamba, chifukwa anthu a mbali inayo ankati sakuwamva bwino amayi, ngakhale Chingerezi chawo chinali cholondola kuposa changa. Ndinkakhala patebulo la kukhitchini nditavalabe yunifolomu, foni ikundiwotcha khutu, amayi ataima pambali ndi mndandanda wa mafunso. Kodi nsomba yanu ili ndi minga? Mbatatesi zosinja zimakhala ndi mibulu? Msuzi ndi wamadzimadzi kapena wolimba? Pakhomo pali masitepe?

Lesitilanti yoyamba inati sangasinthe kaphikidwe. Yachiwiri inati salola chakudya kapena zipangizo zochokera kunja. Yachitatu, mtsikana wa mawu okoma anandiuza kuti musadandaule, tili ndi timabotolo ta chakudya cha ana akhanda. Ndinawamasulira amayi mosangalala, ndikuganiza kuti tapeza yankho. Anandilanda foni.

"Mwamuna wanga si khanda. Ndipatseni wophika."

Mtsikanayo anawauza kuti wophika ndi wotanganidwa. Amayi anati adikira. Anadikira ndithu, kanyimbo ka pafoni kakubwerezabwereza, iwo akusenda anyezi ndi dzanja limodzi, foni ataipana ndi phewa. Inaduka, anaimbanso. Lachitatu lotsatira anaimbanso. Lachitatu lachitatu wophika wamkulu anabwera pafoni, bambo wa mawu otopa, ndipo amayi anamuphunzitsa ntchito yake mwaulemu koma osamupatsa mpata. Nsomba igayidwe payokha, kaloti payekha, nsawawa pazokha, n'kusefa kuti makoko asatsale. Supuni ikaimikidwa, chakudya chisayenderere. Asasakanize, chifukwa munthu amayamba kudya ndi maso. Wophikayo anati amayi ake omubala nawonso anadwalapo choncho, ndipo adzagaya yekha ndi manja ake.

Amayi sanalekere pomwepo. Anafuna nthawi ya thwelofu koloko yeniyeni, chifukwa bambo ankameza bwino asanatope. Anafunanso tebulo la pawindo, loyang'ana dziwe limene maboti ankagweramo. Analiona pachithunzi m'kabuku kanga. Analemba dzina la wophikayo, nthawi, ndi mawu akuti pawindo m'bokosi lapakati, nawazunguliza ndi cholembera chofiira.

Kuyambira sabata imeneyo, kunyumbanso anasiya kusakaniza. Mbale ya bambo inayamba kukhala ndi mitundu. Koma anachitanso chinthu china chimene ine ndinachiona ngati nkhanza: anasiya kupititsa thireyi kuchipinda. Anaika mbale ya bambo pamalo pawo patebulo, anagogoda chitseko, nati chakudya chapsa. Bambo sanatuluke. Mbaleyo inazizira, pamwamba pake n'kuchita khungu. Madzulo zinali chimodzimodzi. Ine ndinalira, ndikuwauza amayi kuti adadi afa ndi njala. Anandiyang'ana, maso ali psuu, nati: "Idya zako."

Madzulo omwewo anawapititsira zakumwa zawo ndi mankhwala, ndipo ndikukhulupirira kuti bambo akanapitirira tsiku lina amayi akanagonja. Koma mawa lake masana chitseko chinatseguka. Bambo anatuluka akugwira khoma, phazi lamanja likukwekwereza pakapeti. Anakhala pansi osayang'ana aliyense. Amayi anatichenjezeratu kuti tisayang'anitsitse, choncho ine ndinayang'ana mpunga wanga mpaka khosi linawawa. Mng'ono wanga yekha ndi amene anaiwala. Anaona dovu likutsika pachibwano cha bambo, anatenga kansalu n'kuwapukuta monga amayi ankamupukutira iye, kenako n'kupitiriza kudya.

Pambuyo pake panali masitepe. Fulati yathu inali pamwamba pa nyumba zakale zija za miyala, yopanda lifiti, masitepe ake ozizira ndi onunkha bulichi. Tsiku lililonse amayi asanapite ku shifiti ankatsika nawo bambo, sitepe imodziimodzi, iwo ali kutsogolo chafutambuyo. Sabata yoyamba ankafika pakati n'kubwerera. Sabata yachitatu anafika panja. Sabata yachinayi tinalowa mu kafe ya pakona, ndipo bambo anadya masupuni asanu a kasitadi atayang'ana kukhoma. Amalume analipo tsiku limenelo. Potuluka anangoti galimoto yawo ikufunika kusintha oilo tisananyamuke. Kuvomera kwawo kunali komweko.

Tinanyamuka m'mawa kukuwaza kamvula. M'buti munali wilutcheya yobwereka, bokosi lozizira, zitini ziwiri za ufa wa m'madzi uja, ndi pepala la pafiriji litapindidwa kanayi m'chikwama cha amayi. Tinayenda maola asanu. Poima panjira bambo anadyera m'galimoto, ndipo amayi anati: "Lero lokha."

Pakiyo inali yaikulu kuposa ya m'kabuku. Kunkanunkha shuga wopserera ndi tchipisi, ndipo paliponse pamwamba pathu anthu ankakuwa. Tsiku loyamba linatha ndi timagalimoto ndi timahatchi ta mng'ono wanga. Sitima yaikulu ija ndinkangoiona patali, njanji zake zofiira zitapindika kumwamba ngati waya. Amalume anandilonjeza kuti mawa lake tikakwera.

Tsiku lachiwiri tinalowa pamzere pakiyo itangotsegulidwa, ine ndi amalume, amayi atatsala ndi bambo ndi mng'ono wanga. Mzerewo unali wokhotakhota m'kati mwa mipanda yachitsulo. Tinaima ola limodzi, kenako lina linayamba. Ndinali nditayezedwa kale msinkhu pachikwangwani, ndipo ndinakwanira ndi chala chimodzi. Titafika poti ndikuona nkhope za okwera, patsogolo pathu patatsala anthu osakwana makumi awiri, foni ya amalume inalira. Anayang'ana wotchi. Inali kota tu thwelofu.

"Tiye, mwanawe."

Ndinagwira mpanda ndi manja awiri. Ndinawauza kuti kwatsala pang'ono, kuti chakudya sichithawa, kuti adadi akhoza kudya wani koloko. Amalume anamasula zala zanga chimodzichimodzi, ndipo tinatuluka motsutsana ndi mzere wonse, anthu akutipatsa njira, ine ndikulira poyera.

Mu lesitilantimo munali modzaza. Mnyamata wolandira alendo anayang'ana pakompyuta, anayang'ana wilutcheya, anayang'ana sikafu imene amayi anawamanga bambo m'khosi m'malo mwa thaulo, kenako anamwetulira natitsogolera kumapeto, kuseri kwa chipilala, pafupi ndi njira ya kuchimbudzi. Anati apa ndi pabata, bambowa adya momasuka. Patebulo la pawindo panali kachikwangwani kosonyeza kuti labukitsidwa, koma mnyamatayo ankaoneka kuti akulisungira ena.

Amayi sanakhale pansi. Anatulutsa pepala lawo, analitambasula, naloza pozungulizidwa ndi chofiira. Mnyamatayo anati akumvetsa, koma. Amayi anati adikira. Anabweza wilutcheya n'kuiimika pakati penipeni pa njira, moti operekera zakudya ankachita kulambalala ndi mbale m'mwamba. Anthu anayamba kucheuka. Bambo anakoka siketi ya amayi ndi dzanja lamanzere.

"Basi. Pompano."

"Ayi, bambo a ana. Ndinabukitsa pawindo."

Ine ndinkafuna nthaka itseguke. Ndinali ndi mkwiyo wa sitima, ndipo tsopano unaphatikana ndi manyazi. Ndimanena izi chifukwa ndi zoona: sindinali kumbali ya amayi. Amene anapita kumbali yawo anali amalume, omwe aja a makatungwe. Anaima pambali pa mchemwali wawo, anagwira chogwirira china cha wilutcheya, nangoti chilili ngati munthu wodikira basi amene alibe kwina kopita. Patapita mphindi zingapo wophika wamkulu anatuluka kukhitchini akupukuta m'manja. Anafunsa amayi ngati ndi iwo a Lachitatu aja. Kenako anakachotsa yekha kachikwangwani pawindo paja.

Mbale ya bambo inabwera pamodzi ndi zathu. Panali milu itatu yosalala, yoyera, yachikasu ndi yobiriwira, ndi msuzi wolimba m'kakapu pambali. Amayi anaiyesa ndi supuni, anagwedeza mutu, nayamba kuwadyetsa. Pasupuni yachinayi bambo anatsokomola. Chinali chifuwa chija chimene tinkachimva kuseri kwa chitseko, chakuya, chosatha msanga, nkhope ikufiira, misozi ikutuluka. Mafoloko anaima pamatebulo oyandikana nafe. Mayi wina anatembenuza mpando wa mwana wake. Amayi anangoika dzanja pamsana pa bambo, nawauza motsitsa kuti aweramitse chibwano, ameze kawiri.

Ine ndinathawa. Ndinakadzitsekera m'chimbudzi, ndinakhala pachivindikiro, ndikuwerenga timatailosi ta pansi ndi kumvera makina owumitsa m'manja akulira ndi kuleka. Palibe anabwera kudzanditenga. Ndinakhalamo mpaka ndinatopa ndekha.

Pobwerera ndinaima patali. Supuni inali m'dzanja la bambo, lamanzere. Inkanjenjemera, ndipo theka la nsawawa linkagwera pasikafu lisanafike pakamwa, koma amayi manja awo anali pamiyendo. Bambo sankayang'ana khoma kapena mbale. Ankayang'ana panja, pomwe boti lodzaza anthu linatsetsereka n'kugwera m'dziwe, madzi n'kuwakhuthukira onse. Phewa lawo lamanzere linkagwedezeka. Ndinaganiza kuti akutsamwanso, koma ankaseka, kuseka kwa mbali imodzi kumene ndinali ndisanakuonepo.

Ndinakhala pampando wanga. Tchipisi changa chinali chitazizira, ndipo nsomba ya amayi inali yosakhudzidwa. Bambo anadya pafupifupi ola lathunthu. Matebulo otizungulira anasintha anthu, ndipo atsopanowo sanatiyang'ane n'komwe. Atamaliza mulu woyera ndi wachikasu, anaika supuni pansi, anapuma, nayang'ana amayi. Tonse tinadikira, chifukwa mawu ankawatengera nthawi.

"Mchere," anatero. "Wachepa."

Amalume anaseka mpaka anagwetsa foloko. Amayi sanaseke. Anatenga kabotolo ka mchere, anakayang'ana, nakabweza pomwe kanali, chifukwa adokotala analetsa. Kenako anayamba kudya nsomba yawo yozizirayo, pang'onopang'ono, msana uli chilili, mpaka mbale inayera.

Sitima ija sindinaikwere. Masana amenewo kunayamba mphepo ndipo anaitseka. Tsiku lachitatu mzere unali wautali kuposa dzulo lake, ndipo tinayenera kunyamuka bambo asanatope. Ndinalowa m'galimoto osayankhula ndi amayi. Atandipatsa sangweji panjira ndinaikana, ndipo iwo sanandinyengerere.

Bambo anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi chimodzi. Sanayendetsenso basi, ndipo fupa la nkhuku sanaliswenso, koma ankadya pamaphwando a kutchalitchi, pamaukwati, ndi patsiku limene ndinamaliza maphunziro, supuni ili kumanzere, akudandaula za wophika aliyense.

Zimene zinachitika ulendo uja usanakonzedwe ndinazimva kwa amalume, titaika kale maliro a bambo, tikutsuka mbale m'khitchini ya holo ya tchalitchi. Anati miyezi iwiri atatuluka m'chipatala, bambo anawaitanira kuchipinda nawapempha kuti awafunire tikiti ya ndege yopita kumudzi, yopita yokha. Sankafuna kuti ana awo azikula akuwaona akudyetsedwa. Chakudya chotsala pathireyi chija sichinkangotsala chifukwa cha kumeza, ankachisiya dala. Amalume anavomera, poganiza kuti ndi ulemu umene mwamuna mnzawo akupempha, ndipo anali atayamba kale kufunsa za ndege. Amayi anazitulukira. Sanakalipire aliyense. Anangouza amalume kuti mwamuna wawo ali ndi ulendo umodzi wokha chaka chimenecho, ndipo ndi umene analonjeza ana ake.

Ine zonsezi sindinkazidziwa. Ndinali pampando wakumbuyo, chipumi chili pagalasi lozizira, mapiri a kumalire a Scotland akudutsa mumvula, ndikudziuza kuti amayi anandibera sitima yanga chifukwa cha mbale ya nsomba yogaya. Ndinkaganiza kuti tchuthicho chinali changa. Sindinkadziwa kuti munthu wamkulu akhoza kuganiza zosiya kudya, ndiponso kuti munthu wina akhoza kuima pakati pa lesitilanti yodzaza, anthu onse akumuyang'ana, n'kumukaniza.